Chifuwa Chanu Chili pa Ng'oma

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli moyo. Za thanzi sindifunsa, poti chifuwa chanu tachimva tonse, ngakhale anthu osakudziwani. Kuno tili bwino. Amayi mwendo ukukokabe koma akuyenda, ine ndikadali ku saluni komwe kuja, kuluka mitu ya anthu.

Uthenga wanu wa mawu uja unafika pa foni ya amayi. Munayamba ndi kutsokomola, kenako n'kuyimba nyimbo imene munawapekera muli pa chibwenzi, pomaliza n'kulira kuti mayi munathawa naye uja wakutayani ndipo mukufuna kubwerera kunyumba. Mawu mukadali nawo, Bambo, pamenepo sindingakunamizeni.

Amayi anaumvera kamodzi n'kunena kuti ndi zachabechabe. Koma m'mawa mwake ndinawapeza akupukuta mpando wanu wa pakona uja, umene timaunjikapo zovala zosasita. Kenako anayamba kundifunsa ngati bulangete la m'sutikesi likadali labwino. Ndinapsa mtima. Ine ndi amene ndinasiya sukulu kuti ndiziwasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi atagwa inu mutachoka. Lero kanyimbo kamodzi kafafanize zonsezo?

Tsono mvetserani. Kukhomo loyandikana ndi saluni yathu kuli wometa wina, timangomuti Mahedifoni chifukwa sawavula ngakhale akudya. Makasitomala akachepa, iye amatenga mawu a woyimba, kuwachotsera zoyimbira zawo zonse, n'kuwakhazika pa ng'oma za nyimbo ina. Tsiku loyamba kumva zimenezi ndinaima chilili, tsitsi la munthu lili m'manja. Anali mawu a kwaya, odekha, a pamaliro, koma pansi pake pakugunda ng'oma za kudansi. Mayi amene ndinkamuluka anayamba kugwedeza mapewa mpaka mzere unakhota, ndinachita kumasula.

Kuyambira pamenepo zinandilowa m'magazi. Nthawi yopuma ndimakakhala pa benchi yake, pakati pa tsitsi losasesa, kuyang'ana timizere tikuvina pa laputopu. Anandiphunzitsa kuti mawu ndi ng'oma ziyenera kuponda phazi limodzi, ndipo mawu akamachedwa umachita kuwakoka kuti athamange.

Ndiye ndinamutengera mawu anu aja.

Poyamba anakana, ati mawu a munthu wolira sasewera nawo. Ndinamuuza kuti wolirayo ndi bambo anga, ndipo ife tinalira kwathu popanda wotiyimbira ng'oma. Anandiyang'ana, n'kuvala bwino mahedifoni ake.

Anati mumayimba mochedwa kwambiri, choncho anakuthamangitsani mpaka mukumveka ngati kamwana kopempha switi. Chifuwa chija sanachitaye ayi. Anachidula bwinobwino n'kuchiika pamene ng'oma yaikulu imagwera. Paja munati "ndikhululukireni, mayi a ana anga", anapabwereza mobwerezabwereza, ndipo mphuno yanu ikangofwenthera, zoyimbira zonse zimalowa pamodzi.

Bambo, nyimboyo ndi yokoma. Sindikunyoza, ndikunena zoona. Ine ndemwe ndimaimvera ndikusamba. Paja munkadandaula mukaledzera kuti dziko silinazindikire luso lanu. Lazindikira tsopano. Nyimboyo inachoka mometera muja n'kulowa m'mafoni, kuchoka m'mafoni n'kukwera minibasi. Makondakitala akuitanira anthu ndi "mayi a ana anga". Ana akamapita kusukulu amatsokomola pamodzi motsatira ng'oma, wolakwitsa amamuseka.

Amayi anakumana nayo ku golosale atapita kukagula sopo. Anabwera opanda sopo. Anakhala pabedi nsapato zili kuphazi, n'kundifunsa ngati ndine. Ndinavomera ndikuwayang'ana m'maso. Anati nyimbo imeneyo inali yawo okha, palibe munthu wina anaimvapo, ngakhale mayi wakutayani uja, ndipo pa zonse zimene munawasiyira ndi yokhayo inali isanaonongeke.

Ndinkayembekezera mbama. Ikanakhala bwino mbama. Anangovula nsapato n'kugona kuyang'ana kukhoma, ndipo mpaka lero amandiyankha ndi mutu basi. Zimandiwawa, sindibisa. Koma kuti ndikanatha kubweza nthawi m'mbuyo, ndikanapitanso kwa Mahedifoni, mwinanso kumuuza akweze chifuwacho.

Dzulo azakhali, mlongo wanu, anabwera kudzakupepeserani. Amayi anawauza kuti akuuzeni musabwere, sangayende ndi mwamuna mumsewu umene ana amamutsokomolera. Azakhali anatuluka akutukwana kuti ndine mwana wopanda umunthu. Atafika pachipata foni ya mnyamata wina wodutsa inalira, ndipo munali inu.

Pempho langa ndi limodzi. Musatumizenso uthenga, musayimbenso. Foni ya amayi ndimatchaja ndine, ndipo wometa uja akuti anthu akufunsa ngati woyimbayo ali ndi ina.

Munapempha kulowanso m'nyumba muno. Mumalowa, Bambo, tsiku ndi tsiku, kudzera pawindo la kuchipinda minibasi ikaima pa siteji. Amayi amadzuka okha ndi mwendo wawo wokoka uja, n'kukatseka.

Mulungu akuchizeni chifuwacho. Mundiperekere moni kwa aliyense amene akukupatsani madzi akumwa kumeneko, ngati alipo.

Ndine mwana wanu woyamba,
uja munkati alibe khutu la nyimbo.