Mawindo Oyang'ana Kumsewu

Mzimba Boma
14 Juni

Okondedwa achimwene a Wilkins,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti mphepo ya Juni yatilowa m'mafupa. Amayi akufunsa ngati chifuwa chanu chija chinatha.

Nyumba yatha ndipo talowamo, yewo chomene. Koma pali nkhani imene ndakhala ndikuizemba pafoni.

Papulani munalemba kuti mawindo aakulu ayang'ane kumpoto, kuti dzuwa la nyengo yozizira lizifunditsa pabalaza, khonde n'kumatchinga la m'chilimwe. A Malizani, amisiri athu, anamva bwinobwino. Amene anawauza kuti atembenuze nyumba ndine. Amayi anati nyumba yofulatira msewu ndi ya munthu wodana ndi alendo, nanga mwana wawo akamadzabwera adzamuonera pati? Ine ndinagonja. Mawindo anayang'ana kumadzulo, komwe kuli msewu.

Ndiye taonani zimene ndinachita. M'mawa pabalaza pamazizira ngati mumtsuko. Ikangokwana 3 koloko dzuwa limalowa lonse, kugwa pasimenti, kubwerera m'maso. TV tinaisamutsira kuchipinda, makina anga osokera ali kuseri kwa chitseko. Mipando yonse yafulatira galasi lanu lokongolalo, kupatula umodzi.

Umenewo ndi wa amayi. Katani amakana. Kuchipatala anati ng'ala yakula m'maso onse awiri ndipo kuwala kotere kumangowazunza, koma inu mukuwadziwa mayi anu. Amakhala pomwepo misozi ili chuchuchu, fumbi likuyandama m'kuwalako ngati ufa kuchigayo. Amati anthu amumsewu amaoneka ngati akuyenda pamadzi, opanda nkhope. Wakabaza akangotsitsa munthu wachikwama, iwo amadzuka n'kukonza mpango kumutu. Masiku ena ndimakhala nawo, ndipo nanenso ndimakuonani ndithu, mutavala jekete lomwe lija munapita nalo.

Zaka zisanu ndi ziwiri zakwana chichokereni inu, achimwene, ndipo ine ndikuopa. Za mawindozi mundikalipire mmene mungafunire, koma mudzandikalipire muli pano, maso a amayi akadaonako.

Mupereke moni kwa alamu a Taonga ndi ana. Mulungu akusungeni ndipo akutsegulireni njira. Mudzakwere basi yofika m'mawa, dzuwa lisanafike pagalasi, kuti amayi adzaone kuti ndinudi.

Ndine mlongo wanu,
Dyness