Madzi Akuda a Kalongonda

Amayi, kodi kumene munapitako mukukhala bwanji?

Ndafunsa chifukwa aphunzitsi amati kalata imayamba motero. Kunena zoona, lero ndabwera ndi mlandu. Kumishoni amatiuza kuti akufa ali m'tulo ndipo samva kanthu. Ngati ndi choncho, dzukani pang'ono, mugonanso ndikatha.

Ndiyambe ndi zazing'ono. Mvula inagwa bwino, tiyi waphuka kwambiri moti akapitawo mawu awauma ndi kukalipira othyola. Nandolo amene munabzala kuseri kwa nyumba wachita maluwa. Dzombe linadutsa koma silinakhalitse. Akazi a Namakhwa, oyandikana nafe aja, abereka mwana wamkazi. Ankafuna kumutcha dzina lanu, ababa anakana, akuti sangapirire kumva dzinalo likuitanidwa m'komboni muno tsiku ndi tsiku.

Musawamvere chisoni. Ababa anakwatira udzu usanamere bwino pamanda panu. Mkaziyo ndi a Naphiri, Mmang'anja wa ku Mphuka, amene ankathyola tiyi gulu limodzi ndi iwo. Tsiku limene analowa m'nyumba muno anavundukula mtsuko wanu wa makaka, chinangwa chouma chija, ananunkhiza, n'kunena kuti, "Koma Anguru mumadyadi zinthu! Nanga njokazo mwabisa pati?" Anaseka okha. Ababa anayang'ana pansi. Ine ndinawayang'ana iwowo mpaka anasiya kuseka.

Tomasi ndiye musamuwerengerenso. Mwana wanu uja anakugulitsani ndi kachidutswa ka mbatata yootcha. Sabata isanathe anali atayamba kale kuwaitana kuti amayi. Amadya chilichonse chimene dzanja lake lafikira: dzombe, nkhululu, nthochi zosapsa, masamba a tiyi, ngakhale dothi la pachulu. A Naphiri akamuponyera kanthu amalandira ngati galu wa mzungu, iwo n'kumaomba m'manja. Ndikudziwa kuti ndi wa zaka zitatu. Komabe ndikamuona atakhala pamiyendo pawo mafuta ali mbuu kukamwa, ndimafuna kumutsina.

Mlandu wanga ndi wa mlongo wanga Lute.

Lute sakudya, Amayi. Chichokereni inu amangolawa ngati mbalame. Phala amatseka pakamwa. Nyemba za phoso zimene timalandira ku esiteti amazikankhira kutali. Therere sayang'ana n'komwe. A Naphiri ayesa kunyengerera, ayesa kamtengo, tsiku lina anamutsina mphuno kuti atsegule pakamwa, iye anawaluma chala. Ndiye poti inenso ndinaleka kudya mbewa ndi mlamba monga amatiphunzitsira kumishoni, mayiwo amaima pakhomo n'kumalengeza kuti komboni yonse imve: "Nyumba ino ndi ya mafumu! Uyu Baibulo lamuletsa mbewa, uyu maliro amuletsa zonse. Munthu ndi Tomasi yekha!"

Iwo amati ndi matama. Ine ndikudziwa chimene chili, ndipo munachiyambitsa ndinu.

Mukukumbuka mmene munkamudyetsera? Lute anabadwa wamantha ndi chakudya. Inu m'malo momusiya kuti njala imuphunzitse, munkatenga mbamu yoyamba, n'kutafuna pamaso pake, n'kutuzula maso, n'kugwira pamtima. Kenako munkati, "Ndafa kodi? Sindinafe. Idya." Iye ankaseka n'kuyamba kudya. Tsiku lililonse, mbale iliyonse. Ababa ankati mukumuwononga mwanayo, inu n'kumati, "Akakula asiya." Iye sanasiye. Munasiya ndinu.

M'mawa wa tsiku limene munadwala munamulawira phala. Munanena mawu anuwo. Masana anakubweretsani kuchokera kumunda wa tiyi atakunyamulani, thupi likutentha, ndipo simunadzukenso. Akuluakulu tikudziwa kuti anali malungo. Koma mwana anaona chiyani? Anaona mayi ake akudya, akunena kuti sanafe, kenako n'kufa. Kodi munaganizapo, tsiku limodzi lokha, kuti masewera amenewo adzatsala ndi ndani?

Mawuwo palibe amene anawanenanso m'nyumba muno. A Naphiri sawadziwa. Ababa amachoka kusanache, amabwera atatopa, ndipo mwana akakana kudya iwo amatuluka panja. Ine ndinkalephera kuwanena.

Mwezi watha kunabwera atsibweni, mlongo wanu, kuchokera kutsidya la Ruo. Sanafune n'kukhala pamphasa. Anagwira dzanja la Lute, n'kuyendetsa chingwe cha mikanda chija munamumanga pamkono. Chinatsetsereka mpaka pa mfundo za zala. Anatembenukira kwa ababa n'kunena kuti, "Alamu, ana awa ndi a mlongo wanga, inu munangobereka. Ndibweranso nandolo akauma. Chingwe ichi chikadzavuka chokha, mwanayu ndidzapita naye." Ababa anangoti, "Ndamva, alamu."

Ndamva! Kutsidya komwe inu munathawa zikoti za Apwitikizi, ine ndili kumbuyo kwanu. Komwe kulibe sukulu, komwe munthu akapita timangomva mbiri yake kwa apaulendo. Ine anzanga ndilibe, Amayi, mukudziwa. Kusukulu ndimakhala pandekha, pobwera ndimayenda ndekha. Amene amandidikira pa mtengo wa bulugamu wa pamphambano ndi Lute yekha.

Tsopano imvani zimene anachita mkazi amene anatenga malo anu.

Wina anawauza kuti Lute ankakonda kalongonda wanu, nyemba zathu zija zophika tsiku lonse. Anapita kwa akazi a Namakhwa kukapempha, anapatsidwa kambale kodzaza. Atafunsidwa ngati akudziwa kaphikidwe kake anayankha kuti, "Nyemba ndi nyemba. Mmang'anja angaphunzire kuphika kwa Mnguru?" Anaika pamoto monga amachitira ndi nyemba za phoso. Sanachotse makoko. Madzi sanataye ngakhale kamodzi. Ataona msuzi wada bii, akuti anakondwa kuti ndiwo zagwira. Anathira mchere n'kuphula dzuwa lili pamutu.

Ine ndinali kusukulu. Izi anandiuza ndi Lute. Akuti anamukhazika pansi, anatapa kalongondayo n'kumadya pamaso pake. "Taona, ndikudya ine zakwanuzi. Ukufunanso chiyani, mfumukazi?" Tomasi anali atalowetsa kale manja onse awiri m'mbale. Lute anasuzumira, n'kunena kuti, "Madzi ndi akuda." Anathawira kuseri kwa nandolo.

Nditafika ndinapeza anthu ataunjikana pakhomo pathu. Tomasi anali akudzandira ngati chidakwa, kugwa, kudzuka, kusanza, maso atatembenuka. A Naphiri anali atagwada moyang'ana khoma la nyumba, manja onse awiri akuthyola tiyi pakhomapo, n'kumaponya kumbuyo m'dengu limene kunalibe. Ankadandaulira kapitawo amene sitinkamuona: "Musandidule tikiti, bwana, mzere ndimaliza!" Kenako anagwa chammbali.

Ababa anaitanidwa kumunda, anamuika Tomasi paphewa n'kuthamanga naye ku chipatala cha ku Makwasa. Akazi a Namakhwa anawamwetsa a Naphiri madzi a ufa mpaka anasanza zonse. Onse awiri anachira. Zitadziwika kuti palibe maliro, komboni yonse inayamba kuseka. Mpaka lero amayi akamapita kumtsinje amafunsana kuti, "Lero tikathyola munda uti, wa kumtunda kapena wa pakhoma?" Inenso ndinaseka, Amayi. Munthu amene amati timadya njoka anagwetsedwa ndi nyemba zathu.

Koma Lute sanaseke. Anaona zonse ali kuseri kwa nandolo. Nditamupeza anandigwira malaya n'kunena kuti, "Achimwene, mwaona? Adya, afa." Kuyambira tsiku limenelo anakana ngakhale madzi a phala. Anasiya kubwera pa bulugamu paja chifukwa miyendo inkanjenjemera.

Ndiye dzana ndinajomba kusukulu. Ndinapempha kalongonda wina kwa akazi a Namakhwa. Simunandiphunzitsepo, munkati, "Choka pamoto, mwamuna iwe, ukawerenge." Koma ine ndinkawerenga ndili pakhonde, diso limodzi pa sileti, lina pa inu. Ndinatola nkhuni zambiri. Ndinawiritsa, ndinachotsa makoko mpaka zala zinada. Madzi oyamba anatuluka ngati inki ya aphunzitsi, ndinakataya kutali ndi nkhuku monga munkachitira. Ndinathira ena. Anada, ndinataya. Ndinathiranso. Utsi unandiliza, msana unauma. Anyamata opita kukapalira m'mizere ya tiyi anaima n'kumakuwa kuti, "Yelemiya wakwatiwa! Wakwatiwa ndi ndani, mwana wa sukulu?" Mayina awo ndawasunga.

Dzuwa litapendeka madzi anayera. Ndinathira mchere pang'ono, ndinaika m'kambale kanu kadothi, ndinamukhazika Lute pakhonde. Anasuzumira m'mbale nthawi yaitali. Ndinatenga kalongonda mmodzi n'kutafuna. Anandiyang'ana pakamwa. Sanatambasule dzanja.

"Simunanene," anatero.

"Kunena chiyani? Idya, waona ndadya."

"Simunanene, achimwene."

Amayi, pa zonse zimene mwandisiyira, ichi ndiye sindikukhululukirani msanga. Ndinatuzula maso ngati chitsiru, ndinagwira pamtima, mnyamata wamkulu ngati ine, ndipo ndi mawu osakhala anga ndinati, "Ndafa kodi? Sindinafe. Idya."

Sanaseke. Anasendera pafupi, anaika dzanja lake pachifuwa panga, n'kudikira. Tinakhala choncho mpaka mthunzi wa nyumba unafika pa nandolo. Kenako anatenga mmodzi. Anatenganso wina. Anadya mpaka pansi pa mbale panaoneka, ine osapuma bwino kuopa kumudzidzimutsa. Atatha anafunsa kuti, "Nanga amayi ananamiranji?" Ndinamuuza kuti munafa ndi malungo, osati ndi phala. Anati, "Bwanji sananene kuti afa?" Limenelo muyankhe nokha. Ine ndalephera.

Pomusambitsa m'manja ndinaona kuti chingwe cha mikanda chija sichikutsetserekanso. Ndinadabwa, chifukwa mbale imodzi singanenepetse munthu. Nditachitembenuza ndinapeza mfundo yatsopano, yaing'ono, yobisidwa pakati pa mikanda. Ndinamufunsa amene anamanga. Anati, "A Naphiri. Akuti ndisawauze atsibweni."

Musafulumire kuwayamika. Mwina akuopa manyazi, kuti anthu angadzati mkazi wa ku Mphuka analephera kulera mwana wamasiye mpaka eni ake anadzamulanda. Ndipo atsibweni si mwana, mfundo adzaiona. Komabe ndinakhala nacho chingwecho m'manja kanthawi, osadziwa choti ndichite ndi mkwiyo wanga.

A Naphiriwo anali atakhala tsiku lonse pamwala wa kumbali kwa nyumba, nsalu atafunda kumutu, poti kumunda sanayambebe kupita. Ndinkadziwa kuti akundiyang'ana, ine osawayang'ana. Nditayamba kutsuka mphika anatsokomola.

"Iwe wa sukulu. Madziwo umataya kangati?"

"Sitiwerenga," ndinatero. "Timayang'ana."

Kenako anati, "Ndiye udzandionetse kuyang'anako. Ndatopa kuthyola tiyi pakhoma."

Sindinaseke, ngakhale kuseka kunabwera.

Dzulo aphunzitsi anandikwapula chifukwa chojomba, ndipo anati ndikabwerezanso malo anga apatsa wina. Kalongonda amafuna tsiku lathunthu. Ine sindingakhale pamoto ndi pa sileti nthawi imodzi, ndipo nandolo wayamba kale kugwetsa maluwa. Ndiye mwaona pamene mwandifikitsa? Ndiyenera kutenga chinthu chanu, chimene munabwera nacho pamutu kuchokera kutsidya, n'kuchipereka m'manja mwa munthu amene amatitcha Anguru odya njoka. Mawa ndikaweruka ndiwaonetsa kuchotsa makoko. Ndiwaonetsa madzi akuda ndi madzi oyera, ndi kumene timataya kuti Tomasi asakanyambite, chifukwa ameneyo sanaphunzirepo kanthu: atangobwera kuchipatala anafunsa ngati nyemba zija zatsalako.

Mphika ndiwapatsa. Dzina lanu sindiwapatsa, kwa ine adzakhala a Naphiri mpaka kalekale. Mawu aja nawonso sindiwapatsa. Ndidzawanena ndine, m'mawa ndisanapite ndi madzulo ndikabwera, pa phala, pa nyemba, pa chilichonse, mpaka atsibweni adzapeze chingwe chothina chopanda mfundo yachinyengo. Lero m'mawa ndawanena pa phala, ndipo wadya pang'ono, dzanja lili pachifuwa panga.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale lero sizikuoneka. Kalatayi ndikaikwirira pamanda panu Sabata likubwerali, tikatuluka m'mapemphero. Ndipo ndikukulonjezani chimene inu munalephera: ndikamuuza Lute kuti sindinafe, mawa lake adzandipeza ndilipo.

Gonaninso tsopano.

Ndine mwana wanu,
Yelemiya