Mbale ya shuga ya kwa Bibi

Aphungu,

Shugayo sindinabe ayi, ndiyambe ndanena zimenezo. A Jobu, amene akundilembera kalatayi, akuti ndifotokoze kuchokera poyambira. Chabwino.

Ndimagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ku Area 47. M'mawa ndikatsika minibasi ku depoti ndimamwa tiyi kwa Bibi, mayi wa tiyirumu ya kuseri kwa msika. Shuga atayamba kusowa, matiyirumu ena ankathira okha kukhitchini, tiyi kumangomveka madzi. Bibi ayi. Anaika mbale ya shuga patebulo, supuni momwemo, n'kunena kuti, "Ana anga, aliyense amadziwa lilime lake."

Mumtima ndinati mbale iyi sifika masana. Aphungu, mbale ija sikutha. Poyamba ndinkaganiza za mankhwala, Mulungu andikhululukire. Kenako ndinaona ndi maso angawa: akabaza, onyamula katundu mumsika, anthu oti kale ankathira masupuni anayi, akuthira imodzi. Wina amatulutsa kapepala m'thumba, n'kukhuthulira m'mbalemo kashuga ka kunyumba kwake uku akuyang'ana kumbali. Bibi amachita ngati sakuona. Ndikaganiza zimenezi thupi limachita tsemwe.

Vuto ndi ine tsono. Kunyumba kwathu shuga tinamuiwala, ndiye ndimangotapa, sindinathiremopo wanga. Manyazi andigwira, masiku ano ndikumadutsira njira ina. Nditawauza aneba anga a Naphiri, anaseka, amvekere: "Makiyi a sitolo ya kwa abwana anu si mumawagwira inu? Shuga wa kumeneko amangodyedwa ndi nyerere."

L.K., Lilongwe

A L.K.,

Nyerere sizichotsedwa ntchito, inu mudzachotsedwa. Komanso shuga wakuba akalowa m'mbale ya Bibi, mwaipitsa chinthu chomwe chikukuchititsani tsemwecho.

Tiyi safuna shuga yekha, amafunanso moto ndi madzi. Pemphani abwana anu, poyera, nthambi zomwe mumadula ndi mandimu ogwa pansi, mukapereke ku tiyirumu. Akakana, tsiku lomwe mipopi yauma katungireni Bibi madzi.

Mawa lomwe bwererani, thirani supuni yanu imodzi mopanda manyazi. Mbale ija anaikira anthu ngati inu, ndipo mukamazemba mukuwalanda Bibi kasitomala pa nthawi yomwe akumufunitsitsa.

A Naphiri apatseni moni monga kale, koma za makiyi musakambe nawonso. Tsiku lomwe abwana adzafunse za shuga wawo, pageti mudzaima nokha.