Mzere Umene Ndinalemba pa Mwana Wanu

Okondedwa apongozi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi makolo anu. Kuno tadzuka, kupatula khanda la mlamu wanu, limene lili m'chipatala. Kalatayi ikukhudza imfa ya mwana wanu chaka chatha, ndi mawu amene ine ndinalemba pa imfayo.

Mukudziwa kuti ndagwira ntchito zaka makumi atatu mu ofesi yolembera obadwa ndi omwalira, ndipo kunyumba ndimasunganso buku la banja. Apongozi anu aakazi amandinena kuti munthu akangoyetsemula ndimafuna tsiku ndi ola. M'bukumo ndinalemba kuti mwana wanu anamwalira chifukwa mayi wake anamusambitsa pamphepo. Mzerewo ndinauwerenga pamaso pa abale, ndipo sabata isanathe munalongedza katundu.

Mwezi watha mwana wanga wamkazi, mlamu wanu uja, anabereka mwana wamwamuna. Sanatuluke n'komwe m'wodi, koma tsiku lachitatu anayamba kubanika monga anachitira wanu, nthiti kulowa m'kati, milomo kuda. Pano akupuma ndi makina.

Dokotala anatiitanira m'kachipinda kake. Anachotsa lasitiki pa fayilo, naikoka, naisiya kuti ibwerere. Anati mapapo ali ndi timaulusi totere, timene timayamba kupangika mwana akali m'mimba. Malangizo opangira timaulusiti mwana amatengera kwa makolo, ndipo akalakwika, mapapo amafutukuka koma osabwerera bwino. Kenako anafunsa ngati ku mtundu kwathu kunafapo makanda mwa njira imeneyi.

Ndinayankha kuti ayi. Mkazi wanga anandiyang'ana, nati ndikatsegule kaye buku langa lija, popeza ndimati silinama.

Ndinakatsegula. Mng'ono wanga, anamwalira ali ndi masiku asanu ndi anayi. Mwana wanga woyamba, masiku khumi ndi awiri. Onsewa ndinalemba kuti chibayo, ndi dzanja langa lomweli. Sindinawayerekezepo ndi wanu, chifukwa pa wanu ndinali nditapeza kale womuloza chala.

Chitsimikizo akuti chibwera akatiyeza magazi, koma kulakwa kwanga sikukudikira magazi. Munataya mwana, ine n'kukusenzetsaninso mlandu. Ndikhululukireni, apongozi.

Ndili ndi pempho, ngakhale sindili woyenera kupempha. Khadi la kuchipatala la mwana wanu munapita nalo. Dokotala akulifuna kuti ayerekeze ndi la khandali, adziwe mothandizira. Musachitire ine, chitirani mlamu wanu, amene akugona pa benchi ya m'wodi.

Mundiperekere moni kwa bambo ndi mayi. Mulungu akusungeni nonse.

Lamulungu tinakhala pansi ngati banja, ndipo tinagwirizana izi. Pa ntchito yathu sitifufuta. Timadula mzere wolakwikawo kuti uziwerengekabe, n'kulemba choona pansi pake, n'kusaina. Ndachita zimenezo. Loweruka likudzali ndibwera ndekha ndi bukulo kudzawerenga pamaso pa makolo anu. Za kubwerera kuno, palibe amene adzakufunseni. Mudzanena nokha mukadzafuna.

Anavomereza ndi mkazi wanga, mlamu wanu ndi ine. Mwamuna wanu anavomera zonse kupatula liwu lakuti ndekha. Akuti iyenso anakhala chete tsiku lija ndinawerenga mzerewo, choncho tibwera awiri.

Ine apongozi anu aamuna.