Musakhudze Botolo la Soya

Bambo a Yu-ting,

Ndathamangira kumsika, ndachedwa kale. M'mawa ndimati ndisinthe oyilo wa magiya panjinga yamoto, koma bawuti inakaniratu kumasuka. Amayi anu anangoika tiyi wawo pansi n'kuti, "Bweretsani sipanalayo, mukuinyengerera ngati khanda." Kugogoda kamodzi, kupotokola, oyilo uyo chuu! Zaka 74, dzanja osanjenjemera n'komwe. Ine kukamwa kunangoti yasa. Atanunkhiza oyiloyo, anati inuyo mwana wawo simunamusinthe chaka chathunthu.

Pepani, oyilo wakaleyo tathira m'botolo la sosi wa soya, ndipo ndaliiwala pambali pa mbaula. Chonde musathire mu supu, mukalisiye kwa makanika. Amayi muwathokoze, koma muimire patali, sipanala ija akadali nayo.

Shu-chuan