Dzira la a Chayo

Lolemba, 6 Okutobala

Kuzizira kwafika mu Yakima. Mumtengo wakuseri mwatsala maapozi asanu ndi awiri. Totiya, zikondamoyo zopyapyala za chimanga zakwathu, ndakazinga khumi ndi ziwiri: ine zitatu, Nayeli imodzi ndi theka. Mdzukulu wangayu kale ankatha zisanu ali chiimire.

Chiphaso chake chogwirira ntchito chikutha pa 30 Novembala. Masiku 55. Pempho la chatsopano linapita mu Julayi, yankho lake zii. Anabwera m'dziko lino ali ndi zaka zitatu, pano ali ndi 23, koma zaka ziwiri zilizonse ayenera kupemphanso chilolezo chokhala kuno, kumene ndi kwawo.

Lachinayi, 9 Okutobala

Nayeli wasanza kawiri m'mawa. Dzanja pamimba. Wapitabe kokalongedza maapozi.

Za chipatala ndamuuza kasanu ndi kanayi. Yankho limodzimodzi: "Agogo, kumeneko amalemba dzina ndi kumene ukukhala. Mapepala anga ali m'njira, dzina langa lisamveke kwina kulikonse." Ndamuwerengera kapepala ka chipatalacho konena kuti za mapepala safunsa. Wangondipsompsona pamphumi.

Zaka 31 ndinaphunzitsa masamu kudziko lakwathu, ku Michoacán, ana makumi anayi m'kalasi, onse kumva. Mmodzi yekhayu wandikanika.

Maluwa achikasu a Tsiku la Akufa amasula, khumi ndi asanu ndi atatu. Okongola kuposa chaka chatha.

Lamulungu, 12 Okutobala

Potuluka ku Misa, a Chayo, oyandikana nawo nyumba, anamuyang'ana Nayeli kuyambira kumutu. "Mwanayu mantha amuthawitsira mzimu. Mubwere naye ndimupukute ndi dzira." Ndinati ine ndinapita kusukulu, za mazira ayi. Iwo kuseka: "Aphunzitsi, werengani mpaka mawa, nambala sinachizepo munthu."

Nayeli wavomera pompo. Akuti dzira sililemba dzina.

Zandipweteka pang'ono. Msuzi wankhuku wakoma, komabe.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Masana, kukhitchini kwa a Chayo. Kandulo imodzi, tambula yamadzi, masamba onunkhira. Dzira analiyendetsa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, katatu, akupemphera. Kenako kuitana: "Nayeli, bwerera! Bwerera kwanu, usatsalire m'njira!" Kasanu ndi kawiri. Mwana analira ngati wazaka zitatu uja. Inenso maso anandiyabwa. Ndi utsi wa kandulo.

Anaswera dziralo m'madzi, n'kuliyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Mzimu wabwerera. Koma kadontho kali m'dziramu si kanga, ndi ka dokotala. Pasathe masiku atatu." Nayeli anangoti, "Chabwino, azakhali."

Chabwino! Ine kasanu ndi kanayi, dzira kamodzi.

Lachisanu, 17 Okutobala

Chipatala. Tinadikira mphindi 50. Nayeli anandigwira dzanja mpaka zala dzanzi. Pepala lolembetsera mafunso 14, ndinawawerenga kawiri. La mapepala panalibe. Dzina analemba yekha.

Zilonda zam'mimba. Adokotala, mayi wachichepere wolankhula chathu, anati zichiritsika, koma mwezi winanso zikanavuta. Anati a msinkhu wa Nayeli amabwera ambiri, wina mutu, wina kusowa tulo, onse mochedwa. Mapiritsi awiri patsiku, khofi ayi, tsabola ayi. Nayeli: "Tsabola? Bola akanangondithamangitsa m'dziko." Tinaseka mpaka anamwino kusuzumira.

Lachitatu lililonse achinyamata odikira mapepala amakumana pomwepo kukambirana. Nayeli watenga kapepala kofotokoza zimenezo.

Loweruka, 25 Okutobala

Masiku 36. Kalata sinabwere. Bokosi lamakalata Nayeli amatsegulabe kawiri patsiku, koma sanasanze chiyambire Lolemba, ndipo dzulo amaimba posamba. Lachitatu anapita kumsonkhano wa achinyamata uja, akuti analipo khumi ndi mmodzi, awiri ogwira nawo ntchito amene sankadziwa kuti ali m'vuto lomweli.

Ndinakapereka maluwa kwa a Chayo. Ndinakhala pampando kotala la ola ndisanafunse, manyazi. Kadontho kaja, kwenikweni anaona chiyani?

Anapitiriza kusenda adyo. "Ndinaona dzira, Aphunzitsi. Koma makoma athuwa ngopyapyala. Milungu itatu ndikumumva mwana akusanza, inu mukumuwerengera timapepala."

Mawa tikhalira benchi limodzi ku Misa. Zaka khumi ndi zinayi khomo ndi khomo, sitinayambe tatero.