Bambo ndi Msewu Wosalala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wanu uja unasiya kutupa? Ife kuno tikudzuka, mapasa akupita kusukulu, koma mtima wanga suli m'malo.

Nkhani ndi ya Bambo. Musadzidzimuke, ali moyo ndipo akudya bwino. Ng'ala ija ndiyo yakula, diso lamanzere nalonso likungoona chifunga. Adokotala akuti opaleshoni ichitika kumapeto kwa mwezi wamawa, ndiye sindingawabweze kumudzi panopa.

Mukuukumbukira msewu wa kutsogolo kwa nyumba yathu, wa maenje uja munathyolapo chidendene cha nsapato? Anthu a dera lino tinadandaula mpaka a khonsolo ya mzinda anaitanitsa msonkhano m'holo ya sukulu. Inenso ndinaimika dzanja n'kunena za fumbi ndi matope. Anatimveradi. Anabwera ndi zimakina, anakwirira maenje onse, anathira phula, ndipo pofuna kuthetsa kuthithikana analamula kuti galimoto zonse zizilowera mbali imodzi. Tinaomba m'manja.

Koma mukudziwa kuti m'mawa uliwonse ine ndikapita kuntchito, Bambo amawoloka kukakhala pakhonde la mnzawo wosoka nsapato, kumvera wailesi ndi kukangana za mpira. Msewu uja ankauwoloka ndi makutu. Kumtunda pa mpope panali dzenje lalikulu, kumunsi pa golosale panali lina. Galimoto iliyonse inkafika pamenepo n'kufatsa, n'kugunda, ndipo iwo ankadziwa kuti ili pati komanso ngati angadutse. Lero maenjewo kulibe. Galimoto zikungobwera mwakachetechete ngati mphepo. Choopsa china n'chakuti akafika pakati pa msewu amatcherabe khutu kumunsi monga kale, pamene zonse tsopano zikuchokera kumtunda.

Lachiwiri lapitali minibasi inawaphonya pang'onong'ono. Galasi la m'mbali linamenya chipewa chawo n'kuchiponya m'ngalande. Wosoka nsapato ndiye anandiuza. Akuti kondakitala anatulutsa mutu n'kuwafunsa ngati madala akufuna kukwera kapena kufa. Nditawafunsa Bambo, anangoseka, akuti chipewacho chinali chitatha kale ndipo minibasi yawathandiza kuchitaya. Ine sindinaseke. Ndinachitola ndekha chili chophwanyika.

Ndinapempha kapitawo wathu kuti ndichoke msanga, n'kupita ku ofesi ya zamisewu ya khonsolo. Bwana wake anandilandira bwino, mpando anandipatsa. Anati zitunda zochepetsa liwiro ndi mizere yoyera yowolokerapo zilipo m'mapulani, zidzaikidwa mvula ikatha, ndipo pakadali pano atumiza apolisi apamsewu. Sananame, apolisi anabweradi. Koma amaima pa mphambano ya kumsika, kufunsa mapepala ndi kugwira oimika galimoto pamalo olakwika. Madalaivala akachoka pamenepo atachedwa, liwiro lonse amadzalithira pakhomo pathu penipeni.

Aneba anaunjika dothi ndi miyala kupanga chitunda chawo. M'mawa mwake a khonsolo anadzachichotsa ndi mafosholo, n'kuchenjeza kuti woononga msewu watsopano amangidwa. Panopa palibe akuyerekeza.

Kunyumba ndayesa zonse. Ndinabisa ndodo yawo pamwamba pa kabati, anatuluka ndi mtengo wa tsache. Ndinakhoma geti, anati iwo anabereka mwana osati mlonda wa ndende, ndipo tsiku limenelo chakudya sanachikhudze. Ndinapempha mnzawo uja kuti aziwatenga, koma mukudziwa nayenso mwendo ndi umodzi, awiriwo pamsewu zingakhale maliro awiri. Bambo a mapasa amanyamuka ine ndisanatuluke. Ntchito sindingaisiye.

Kuhotela kumene ndimagwira ntchito, ndikamasita, ndikangomva mabuleki kunja mtima umalumpha. Dzulo ndinatentha nsalu ya pilo ndi simbi, chinthu chimene sindinachitepo. Foni ikalira ndimayamba ndapemphera ndisanayankhe.

Pempho langa ndi limodzi, Achemwali. Bwerani mudzakhale nafe mpaka opaleshoni itachitika. Ndikudziwa kumunda kukudikirani, koma inu Bambo amakumverani, ine amandiona ngati kamwana kaja ankakanyamula paphewa. Sindikuti mudzawatsekere m'nyumba. Mungodzawagwira mkono powoloka m'mawa ndi pobwerera masana, basi. Malo ogona alipo, mapasa adzagona pabalaza. Mukatsika basi musawoloke nokha, imani pa golosale mundiimbire. Mukaiwala zonse, kumbukirani kuti galimoto zikuchokera kumtunda.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Azakhali musawauze za minibasi, mtima wawo mukuudziwa.

Bambo sakudziwa kuti ndakulemberani. Lero m'mawa anandituma chipewa china, akuti chikhale choyera kuti madalaivala aziwaonera patali. Ndagula, Achemwali. Mpaka mutafika, chimene chikuwateteza pamsewu uja ndi chipewacho basi. Chonde musachedwe.

Ndine mng'ono wanu amene sakupeza mtendere,
Amake Mapasa